Mwana wanga walakwa pati pa funso la kutentha kwa mpweya?

Mayi a Tadala, Mufakose

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Ndabwera ndi nkhani ya kusukulu imene yatisowetsa mtendere pakhomo pano kuyambira Lachisanu. Mwana wanga wamkazi, amene ali Fomu 4 ndipo akukonzekera mayeso a ZIMSEC, bungwe loona za mayeso kuno ku Zimbabwe, wabwera ndi pepala la sayansi limene aphunzitsi amuthetha pa funso lomwe ine ndi bambo ake tikuona kuti anayankha bwino. Funsolo linati mpweya wotsekeredwa m'chinthu chotha kufutukuka watenthetsedwa kuchoka pa madigiri 27 kufika pa madigiri 54 a Celsius, ndiye malo amene mpweyawo ukutenga akula motani. Iye analemba kuti akula kawiri, popeza 54 ndi 27 awiri, ndipo anaphunzitsidwa kuti mpweya umafutukuka molingana ndi kutentha kwake. Aphunzitsiwo anangolemba chilembo cha K chachikulu m'mbali mwa pepala ndi cholembera chofiira, osaonjezapo mawu ena. Mwanayu wakhumudwa kwambiri, ndipo ine sindikufuna kupita kusukulu kukadandaula ndisanamvetse ngati wolakwa ndi iye kapena aphunzitsi. Amene munaphunzira zimenezi chonde tithandizeni.

Aphunzitsi Mbewe, Highfield

Mayi a Tadala, mwachita bwino kuyamba mwafunsa, pakuti safunsa anadya phula. Aphunzitsiwo anachonga molondola, ngakhale kuti akanachita bwino kulemba mawu angapo ofotokoza m'malo mwa chilembo chimodzi. Chilembo cha K chimenecho chikuimira kelvin, muyeso wa kutentha umene umafunika pa mafunso onse a mpweya. Lamulo limene Tadala anaphunzira ndi loona ndithu, koma limagwira ntchito pokhapokha kutentha kukawerengedwa kuchokera pansi penipeni, pamene kuzizira kumathera. Ziro wa Celsius si pansi penipeni ayi. Iye ndi malo chabe amene anthu anagwirizana kuti aziyambirapo kuwerenga, pamene madzi amaundana, ndipo kunsi kwake kuli madigiri ena 273.15 munthu asanafike pothera kuzizira konse.

Taganizirani bambo amene akuyeza msinkhu wa ana ake awiri, koma m'malo moyambira pansi pa simenti akuyambira pamwamba pa tebulo. Mwana wina wapitirira tebulolo ndi masentimita 10, wina ndi masentimita 20. Palibe amene anganene kuti wachiwiriyo ndi wamtali kawiri kuposa mbale wake, chifukwa gawo lalikulu la msinkhu wa onse awiri lili kunsi kwa tebulo, kumene sikunawerengedwe. Celsius amayambira pa tebulo, kelvin amayambira pa simenti.

Choncho Tadala anayenera kuwonjezera 273 ku nambala zonse ziwiri. Madigiri 27 akhala makelvin 300, madigiri 54 akhala makelvin 327, ndipo kuchoka pa 300 kufika pa 327 ndi kukwera kwa 9 pa 100 aliyense basi. Kuti mpweyawo ufutukuke kawiri, ukanayenera kufika pa makelvin 600, amene ndi pafupifupi madigiri 327 a Celsius, kutentha kumene mtovu umasungunuka. Muuzeninso ayese kusintha nambala zomwezo kupita ku Fahrenheit. Apeza 80.6 ndi 129.2, ndipo aona yekha kuti kuwirikiza kuja kwasowa, pamene mpweya ndi womwewo ndipo moto ndi womwewo. Kuwirikiza kumene kumasowa munthu akangosintha sikelo sikunali m'mpweyamo, kunali m'nambala chabe.

Bambo Banda, Mbare

Aphunzitsi, ndawerenga zonse mwalembazi ndipo sindikutsutsa masamu anu, koma ndili ndi dandaulo langa. Ndakonza magalimoto kwa zaka zoposa 30 mumzinda uno, ndipo tsiku lililonse ndimagwira ntchito ndi injini zotentha, madzi a mu ladiyeta ndi mpweya wa m'matayala, koma sindinaonepo geji yolembedwa kelvin. Wailesi imanena za nyengo mu Celsius, kuchipatala ndi Celsius, pa uvuni ndi Celsius. Ndiye n'chifukwa chiyani tikuvutitsa ana ndi muyeso umene sadzakumana nawo akamaliza sukulu? Ine ndikuona kuti maphunziro athu amachulutsa zinthu za m'buku zimene sizidyetsa munthu.

Aphunzitsi Mbewe, Highfield

Bambo Banda, geji yanu sinalembedwe kelvin, koma tayala limene mumapopa limamvera kelvin, osati Celsius. Tiyerekeze kuti mwapopa tayala m'mawa wa mwezi wa June kuno ku Harare kukuzizira madigiri 7, ndipo masana galimotoyo yathamanga pa tala mpaka mpweya wa m'tayalamo wafika madigiri 47. Mpweya ukanamatsatira nambala za Celsius, mphamvu yake ikanakwera pafupifupi kasanu ndi kawiri, ndipo matayala onse a mumsewu wa Simon Mazorodze akanamaphulika tsiku ndi tsiku. Zimene mumaona inu n'zakuti tayala limene munalisiya pa 2.2 pa geji mumalipeza pafupifupi pa 2.6. Zimenezo ndi zomwe kelvin amanena, chifukwa kuchoka pa 280 kufika pa 320 ndi kukwera kwa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri, bola munthu akumbukire kuwerengera limodzi mpweya wa kunja umene geji siionetsa. Inu mumauza makasitomala anu kuti aziyeza matayala akadali ozizira chifukwa manja anu anaphunzira zimenezi kalekale. Mwana amene adzapange tayala, filiji kapena boila ayenera kuzidziwa ndi nambala zake.

Agogo Phiri, Dzivarasekwa

Ana anga, mundilole ndilowererepo, ngakhale kuti sukulu yanga inathera kutali. Mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'minda ya fodya cha ku Mvurwi, ndipo ine ndinakulira pa mabalani. Ndili mnyamata ndinkachezera usiku wonse kusonkhezera moto, chifukwa fodya akalowa m'balani moto suzima mpaka pafupifupi sabata yathunthu. M'kati mwa balani munkalendewera thermometer yomangidwa pa chingwe, ndipo tinkaikoka kuti ifike pa kazenera kakang'ono n'kuiunika ndi nyali. Pambali pake pankakhala inzake imene kumutu kwake kunkakulungidwa kansalu konyowa, yotiuza ngati chinyezi chachuluka kapena chachepa. Nambala zake ndimazikumbukira mpaka lero. Masiku oyamba tinkasunga moto pakati pa 95 ndi 100 kuti tsamba lisanduke lachikasu, kenako tinkakweza pang'onopang'ono kupyola 130 kuti tsamba liume, ndipo pomaliza tinkafika cha m'ma 160 kuti msana wa tsamba uume mpaka kuthyoka ukaupinda.

Chaka china anabweretsa mathermometer atsopano a Celsius, ndipo sanatifotokozere bwino. Mnzanga wina amene ankayang'anira balani yoyandikana ndi yanga anakoka chingwe usiku wotsiriza n'kuona 70. Iye ankafuna 160, choncho anaganiza kuti moto wafooka, ndipo anathira nkhuni zambiri. Pamene kunkacha fodya yense anali atapsa n'kufiira, ndipo mnzangayo anachotsedwa ntchito pamodzi ndi banja lake, amene analibe kwina kolowera. Ndinadzamva pambuyo pake kuti 70 ameneyo anali kale pafupi ndi 160 wathu uja. Tsopano inu mukuti palinso muyeso wachitatu. Funso langa ndi lakuti, mwa miyeso yonseyi, woona ndi uti?

Chisomo, wophunzira za uinjiniya, Mount Pleasant

Agogo, nkhani yanu yandigwira mtima, ndipo mnzanuyo sanali wopusa, anangopatsidwa chida chatsopano popanda womuuza chilankhulo chake. Madigiri 70 a Celsius ndi madigiri 158 a Fahrenheit. Njira yosinthira ndi kuchotsa 32 pa nambala ya Fahrenheit, kuchulukitsa ndi 5, kenako kugawa ndi 9, ndipo mukatero 160 wanu uja amakhala 71, pamene 95 amakhala 35.

Miyeso yonseyi imanena zoona, koma imasiyana pa zinthu ziwiri, poyambira kuwerenga ndi kukula kwa digiri imodzi. Imene munkagwiritsa ntchito inu inachokera kwa Daniel Gabriel Fahrenheit, wobadwira ku Danzig amene ankapanga zida zagalasi ku Amsterdam, ndipo anafalitsa sikelo yake mu 1724. Ziro wake anamutenga pa kuzizira kwa madzi oundana osakaniza ndi madzi ndi mchere wina, n'chifukwa chake pa sikelo imeneyi madzi wamba amaundana pa 32 ndi kuwira pa 212. Anders Celsius wa ku Uppsala m'dziko la Sweden anabwera ndi yake mu 1742, yogawa mtunda wa pakati pa kuundana ndi kuwira kwa madzi m'magawo 100. Chodabwitsa n'chakuti iye anaika 0 pa kuwira ndi 100 pa kuundana, ndipo anthu ena ndiwo anaitembenuza kuti ikhale momwe tikuidziwira lero. Pakati pa kuundana ndi kuwira pali madigiri 180 a Fahrenheit koma 100 a Celsius, ndiye digiri ya Celsius ndi yaikulu pafupifupi kawiri. Sikelo ziwirizi zimakumana pa malo amodzi okha, pa 40 kunsi kwa ziro.

Kelvin anatenga kukula kwa digiri ya Celsius n'kusuntha poyambira kupita pansi penipeni. Palinso wina wachinayi amene anachita chimodzimodzi ndi digiri ya Fahrenheit, wotchedwa Rankine potengera William Rankine, injiniya wa ku Glasgow amene anauyambitsa mu 1859. Pa sikelo yake madzi amaundana pa 491.67, ndipo 160 wa m'balani uja akanakhala pafupifupi 620. Timakumana naye m'mabuku ena a uinjiniya ochokera ku America. Ngati mukufunsa muyeso umene chilengedwe chimatsatira, agogo, ndi umene umayambira pansi penipeni, ndipo mwa awiriwo dziko lonse linasankha kelvin.

Mayi Nangozo, namwino, Mabvuku

Ndikuthokoza onse amene mwafotokoza. Ife kuntchito moyo wa katemera umadalira nambala zimenezi, chifukwa filiji iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo timalemba pa tchati m'mawa ndi madzulo, makamaka masiku amene magetsi athima. Vuto la agogo Phiri lidakalipo mpaka pano. Mayi wina anathamangira kwa ine usiku akulira kuti mwana wake wafika 102, pogwiritsa ntchito thermometer imene m'bale wake anamutumizira kuchokera ku America. Anali madigiri 38.9 a Celsius, kutentha thupi kofunika chithandizo ndithu, koma osati kumene iye ankaopa. Tsopano ndifunse kuti ndione ngati ndamva bwino. Ngati thupi la mwana lakwera kuchoka pa 37 kufika pa 39, ndiye kuti lakwera ndi madigiri 2. Kodi m'makelvin tinene kuti lakwera ndi 275?

Aphunzitsi Mbewe, Highfield

Ayi mayi, lakwera ndi makelvin 2 okha, ndipo ndakondwa kuti mwafunsa chifukwa ana ambiri amagwa pamenepa pa mayeso. Timawonjezera 273.15 pamene tikunena kuti chinthu chili pati, osati pamene tikunena kuti chasuntha motani. Thupi linali pa 310.15 ndipo lafika pa 312.15, kusiyana kwake ndi 2. Mwana amene wakula ndi masentimita 2 wakula ndi masentimita 2, kaya munayambira kumuyeza pa tebulo kapena pa simenti. Ku Fahrenheit kokha ndi kumene nambala isinthe, chifukwa digiri yake ndi yaing'ono, ndipo kukwera komweko kukhala 3.6.

Mayi a Tadala, muuzeninso mwanayo kuti polemba asamaike kachizindikiro kozungulira ka digiri patsogolo pa K. Kale anthu ankanena kuti madigiri a Kelvin, koma msonkhano wa mayiko woona za miyeso unachotsa mawu a digiri mu 1967. Timangolemba 300 K basi.

Achimwene Zimba, wowotcherera zitsulo, Siyaso

Ine ndakhala ndikungowerenga, koma nditaona chilembo cha K ndinapita kukatenga bokosi la babu limene ndinagula sabata yatha. Palembedwa 6500K. Malinga ndi masamu a aphunzitsi, amenewo ndi madigiri oposa 6,200 a Celsius. Ine ndimadziwa kuti chitsulo chimasungunuka chisanafike n'komwe pa 1,600, koma babu limeneli ndimaligwira ndi dzanja likuyaka osapsa. Kodi K ameneyu ndi yemweyo kapena ndi wina?

Chisomo, wophunzira za uinjiniya, Mount Pleasant

Ndi yemweyo achimwene, ndipo inu ndi amene mungamvetse zimenezi kuposa tonsefe chifukwa mumaziona ndi maso tsiku lililonse. Mukaika chitsulo pamoto chimayamba kufiira mwa mbuu chikapyola madigiri 500, kenako chimafiira kwambiri, kenako chimapita ku chikasu, ndipo chikayandikira kusungunuka chimayera. Mtundu wa kuwala umakuuzani kutentha kwa chitsulocho popanda thermometer. Akatswiri anatenga mfundo yomweyo n'kuigwiritsa ntchito potchula mitundu ya kuwala. Nambala ya pa bokosiyo sikunena kutentha kwa babulo, ikunena kuti kuwala kwake kukufanana ndi kumene chinthu chingatulutse chitatenthetsedwa kufika makelvin 6,500. Mababu akale aja okhala ndi kawaya m'kati ankatenthadi pafupifupi makelvin 2,700, ndipo n'chifukwa chake kuwala kwawo kunali kwachikasu ndipo galasi lake linkawotcha. Pamwamba pa dzuwa pamatentha pafupifupi makelvin 5,800. Babu lanu la LED limapanga kuwala m'njira ina yosadalira kutenthetsa chitsulo, choncho limangotengera mtunduwo. Muonenso kuti ogulitsa amatcha kuwala kwachikasu kwa 2700K kuti n'kofunda ndipo koyera kwa 6500K kuti n'kozizira, potengera mmene munthu amamvera m'maso, pamene pa moto wanu choyera ndicho chotentha kwambiri.

Bambo a Tadala, Mufakose

Ndikugwiritsa ntchito foni ya mayi a kunyumba. Ndavomereza kuti mwana analakwa, koma chinthu chimodzi chikundivutabe. Mukuti pali malo pamene kuzizira kumathera, ndipo mukutchula nambala yake mpaka ndi timadontho, 273.15. Kodi alipo amene anafikako n'kukayeza? Ngati palibe, nambala imeneyi inachokera kuti, ndipo tingakhulupirire bwanji kuti kunsi kwake kulibe kuzizira kwina?

Aphunzitsi Mbewe, Highfield

Bambo a Tadala, funso lanu ndilo mutu wa nkhani yonseyi. Palibe amene anafikako, ndipo malamulo a sayansi ya kutentha amasonyeza kuti n'kosatheka kufikako kwenikweni, munthu angangoyandikira. Koma malowo anadziwika poona mmene mpweya umachitira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, Mfalansa wina dzina lake Guillaume Amontons anaona kuti mpweya wotsekeredwa ukamazizira mphamvu yake yokankha imatsika mwadongosolo, ndipo anaganiza kuti payenera kukhala malo pamene mphamvuyo ingathe. Mu 1802 Joseph Louis Gay-Lussac anasonyeza kuti mipweya yosiyanasiyana imafutukuka mofanana ikatenthetsedwa mofanana. Mukayeza mpweya pa kutentha kosiyanasiyana n'kulemba zotsatira zake pa pepala la mizere, madontho onse amagwera pa mzere umodzi wowongoka, ndipo mukaupitiriza mzerewo chotsika umakathera pafupi ndi madigiri 273 kunsi kwa ziro. Musinthe mpweya, musinthe kuchuluka kwake, mzere upendekeka mosiyana koma ukathera pomwepo. Zili ngati anthu ochokera ku Mabvuku, ku Glen View ndi ku Hatcliffe amene aliyense akuloza chala kumene kukuchokera utsi, ndipo zala zonse zikukumana pa malo amodzi ngakhale palibe amene wafika pamotopo.

Amene anaika maziko olimba anali William Thomson, wobadwira ku Belfast mu 1824, amene anaphunzitsa pa yunivesite ya Glasgow kwa zaka zoposa 50. Mu 1848 analemba kuti pakufunika sikelo yosadalira khalidwe la madzi, mercury kapena chinthu china chilichonse, ndipo anaimanga pa maganizo a Sadi Carnot okhudza mmene injini zimasandutsira kutentha kukhala ntchito. Atapatsidwa ulemu wa ufumu wa Britain mu 1892 anatenga dzina lakuti Kelvin, la mtsinje umene umadutsa pafupi ndi yunivesiteyo, ndipo muyesowu unatengera pamenepo.

Chifukwa chimene kulibe kuzizira kwina kunsi kwake n'chakuti kuzizira si chinthu pachokha. Chimene chilipo ndi mphamvu ya kugwedezeka kwa tinthu ting'onoting'ono timene timapanga chinthu chilichonse. Chinthu chikatentha timagwedezeka kwambiri, chikazizira timagwedezeka pang'ono. Mukachotsa mphamvu yonse imene ingachotsedwe, palibenso china choti muchotse, monga momwe simungatunge madzi m'mtsuko umene wauma kale. N'chifukwa chake kutentha kulibe denga lodziwika kwa ife pano, koma kuzizira kuli ndi pansi pake.

Chisomo, wophunzira za uinjiniya, Mount Pleasant

Ndiwonjezereko mmene anthu ayandikirira. Alangizi a ziweto amene amabereketsa ng'ombe popanda nkhunzi amasunga mbewu yake m'zigubu za nayitrojeni wamadzi, amene amakhala pa makelvin 77, kapena kuti madigiri 196 kunsi kwa ziro. Mu 1908 Heike Kamerlingh Onnes wa ku Leiden anasandutsa mpweya wa helium kukhala wamadzi pa makelvin 4.2, ndipo patapita zaka zitatu anapeza kuti mercury akazizira chotero magetsi amadutsamo popanda chowatchinga. Makina ambiri a MRI, ojambulira m'kati mwa thupi m'zipatala, amadalira zimenezi, chifukwa maginito ake amaziziritsidwa ndi helium wamadzi. Kuthambo kutali ndi nyenyezi kuli pafupifupi makelvin 2.7, ndipo m'malabu anthu afika kunsi kwa gawo limodzi mwa magawo miliyoni a kelvin imodzi.

Bambo Banda, pa nkhani ya injini, lamulo la Carnot limati gawo la kutentha limene injini ingasandutse ntchito limadalira kutentha kwa mbali yake yotentha ndi yozizira, zonse m'makelvin. Injini ya nthunzi yolandira kutentha pa madigiri 500 n'kukutaya pa madigiri 30 singapitirire 61 pa 100, ngakhale itapangidwa mwaluso lotani. Wowerengera ndi Celsius angapeze 94 n'kulonjeza anthu magetsi amene malasha sangapereke.

Bambo Banda, Mbare

Za tayala ndi za injini zandifika, ndipo ndavomera kuti muyesowu uli ndi ntchito. Koma dandaulo langa silinathe, langosintha malo. Ngati nkhaniyi ingafotokozedwe ndi tebulo, tayala ndi chitsulo chofiira monga mwachitira pano, n'chifukwa chiyani mwana akungouzidwa kuti aziwonjezera 273 popanda kudziwa chifukwa chake? Anyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito kwa ine ambiri anakhoza sayansi, koma sadziwa chifukwa chimene sititsegulira chivindikiro cha ladiyeta injini ikadali yotentha.

Mayi a Tadala, Mufakose

Ndabweranso ndi china. Tadala atawerenga zonsezi anabwereka thermometer ya kukhitchini kwa anansi athu amene amaphika makeke ogulitsa, kuti aone yekha 100 wa Celsius uja. Tinateleka madzi m'poto mpaka kubwadamuka, anaviika thermometer osakhudza pansi pa poto, ndipo inaima pa 95. Tinawonjezera moto ndi kudikira mphindi zisanu, koma sinasunthe. Iye akuti chidacho n'chowonongeka, ndipo akuopa kukauza eni ake.

Aphunzitsi Mbewe, Highfield

Musawauze choncho mayi, thermometer imeneyo ili bwino, ndipo Tadala wapeza ndi manja ake chinthu chimene chinavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri. Harare ali pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya umene umapsinja pamwamba pa madzi ndi wochepa kuno, choncho madzi amawira msanga, cha pa madigiri 95. Ku Beira akanaona 100. Ichi n'chifukwa chake nyemba zimachedwerapo kupsa kumalo okwera, ndipo n'chifukwa chakenso, bambo Banda, chivindikiro cha ladiyeta chimapangidwa kuti chisunge mphamvu ya nthunzi m'kati. Madzi a mmenemo amatha kupyola madigiri 100 osawira, ndipo mukatsegula mwadzidzidzi amawira onse nthawi imodzi n'kuthovokera kumaso.

Muyeso wa dziko lonse sungamangidwe pa chinthu chimene chimasintha munthu akakwera phiri. Choncho mu 1954 mayiko anagwirizana kumanga kelvin pa malo ena apadera, pamene madzi oundana, madzi amadzi ndi nthunzi zimakhalira limodzi popanda china kugonjetsa chinzake. Zimenezi zimachitika m'botolo lagalasi lotsekedwa lochotsedwa mpweya, pa kutentha kumodzi kokha, kumene anakupatsa nambala ya 273.16 K, kapena madigiri 0.01 a Celsius.

Chisomo, wophunzira za uinjiniya, Mount Pleasant

Ndipo ngakhale zimenezo zinasinthidwa posachedwapa, zimene mabuku ena akale a kusukulu sanena. Kunapezeka kuti madzi a m'malo osiyanasiyana amasiyana pang'ono kwambiri m'kulemera kwa maatomu ake, ndipo kusiyanako kumasuntha malo apadera aja ndi kachigawo kakang'ono. Kwa ife sikanthu, koma kwa osunga miyeso ya dziko n'kwakukulu. Pa msonkhano wa ku Versailles mu November 2018 mayiko anavomereza tanthauzo latsopano, limene linayamba kugwira ntchito pa 20 May 2019. Tsopano kelvin amamangidwa pa nambala ya Boltzmann, yotchedwa potengera Ludwig Boltzmann wa ku Austria, imene imalumikiza kutentha ndi mphamvu ya kugwedezeka kwa tinthu ting'onoting'ono tija aphunzitsi anafotokoza. Imodzi mwa njira zimene anaiyezera molondola inali kuyeza liwiro la phokoso m'mpweya wa argon ndi helium. Tsiku lomwelo kilogalamu nayo inaleka kudalira kachitsulo kamene kankasungidwa ku Sèvres pafupi ndi Paris. Kukula kwa kelvin sikunasinthe m'njira imene aliyense wa ife angaione, ndipo Celsius lero amatanthauzidwa kuchokera kwa kelvin pochotsa 273.15, osati kuchokera ku poto wa madzi.

Mayi Nangozo, namwino, Mabvuku

Ngati kuwira kwa madzi sikodalirika kuno, kodi munthu wamba angayese bwanji thermometer yake kunyumba? Ndikufunsa za ya kukhitchini kapena ya m'filiji, chifukwa za kuntchito zili ndi ndondomeko yake yozitumiza kwa oyesa zida.

Aphunzitsi Mbewe, Highfield

Gwiritsani ntchito mbali ya kuundana, chifukwa iyo sisintha moonekera ndi kukwera kwa malo. Phwanyani madzi oundana a madzi oyera akhale tizidutswa ting'onoting'ono, mudzaze kapu, muthiremo madzi ozizira ongokwanira kutseka mipata, mutakase, ndipo mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu. Thermometer yabwino iyenera kuonetsa 0 kapena pafupi kwambiri, kaya muli ku Harare, ku Nyanga kapena ku Nsanje. Musathiremo mchere, chifukwa mchere umatsitsa nambalayo, ndipo mukatero mudzakhala mukubwereza zimene Fahrenheit anachita pofuna ziro wake. Ya kuchipatala yoyezera thupi musaiyese motere, popeza inapangidwira madigiri ochepa ozungulira 37.

Mayi a Tadala, Mufakose

Tayesa madzulo ano magetsi atabwera ndipo madzi ataundana, thermometer yaonetsa 0.3. Tadala walembanso funso lija m'kope mwake ndi 300 ndi 327, ndipo mawa akaonetsa aphunzitsi ake. Ine kusukulu sindipitako. Mwezi wa December tikupita kumudzi ku Salima, ndipo iye wapempha bambo ake kuti amugulire thermometer yakeyake kuti akawiritse madzi m'mphepete mwa nyanja. Akufunsa kuti ayembekezere nambala yanji.

Aphunzitsi Mbewe, Highfield

Nyanja ya Malawi ili pamtunda wosafika mamita 500, choncho ayembekezere pakati pa 98 ndi 99. Mukadzaima ku Dedza, kumene n'kokwera ngati kuno kapena kuposerapo pang'ono, akayesenso kumeneko, ndipo nambala zonse azilembe mu Celsius ndi m'makelvin pamodzi ndi tsiku ndi malo ake, adzatitumizire pagulu pano.